AYotamu ndi mpanda wa nkhadze

Manachesi akutha m'mitengo, mphepo ya Julaye yayamba kufooka, ndipo amayi kumjigo ayamba kufunsana kuti chaka chino goli athyola ndani. Funsoli limathera kwa ine, ngati kuti aYotamu Mbewe pomwalira anandisiyira nkhwangwa yawo. Sanandisiyire kanthu. Chimene ndinawachitira ine n'kuwakumbira manda basi, m'dzinja lapitali, chifukwa ndine mmodzi wa adzukulu okumba manda m'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa Nsambe. Mdzukulu ali ndi ufulu umene ena alibe: amanena za wakufa osatsitsa mawu. Ndiye ndinena, ndipo amene akwiye akwiye, tidzaonana tsiku lake.

AYotamu anali aatali, oonda ngati nsungwi yothyolera mapapaya. Diso lawo lakumanzere linali loyera, losaona, choncho poyankhula nawe ankapendeka mutu. Ankapala matabwa m'chisakasa cha udzu kuseri kwa nyumba yawo: zitseko, mabenchi a kutchalitchi ndi mabokosi a maliro. Mabokosiwo ndi amene ankatikumanitsa kawirikawiri. Anali ndi khalidwe loipa loyeza anthu amoyo ndi diso lawo limodzi lija. Ukanenepako pang'ono nthawi yokolola, ankakuuza pagulu kuti uchepetse mbatatesi chifukwa matabwa otakata akusowa. Anthu ankaseka, koma pochoka ankayenda atabweza mimba.

Tiyi ankamwa wopanda shuga. Ankati abale athu amene anatengedwa kupita kutsidya kwa nyanja zamchere anafera m'minda ya nzimbe, ndiye iwo sangaike thukuta la abale awo m'kapu. Koma thobwa lotsekemera ankamwa mpaka kupukuta ndevu, ndipo ukawafunsa za shuga wa m'thobwamo ankayankha kuti mlandu umenewo ndi wa wophika. Chinthu chimodzi chokha sankasewera nacho: goli la ng'ombe sankasema. Munthu wina anachokera ku Magaleta pa njinga, atamva kuti kuno kuli mmisiri wabwino, nawapempha tsiku lonse kuti amusemere goli la ngolo yake. Anamupatsa mpando, anamupatsa chakudya, anamukonzera chishalo cha njinga chimene chinkagwedera, koma anabwerera opanda goli.

Kuti mumvetse munthuyu, muyenera kudziwa manda athu. Ali pamsitu wa kumunsi kwa mudzi, ndipo anali pawiri. Mbali ya kumtunda, pansi pa mitengo ikuluikulu, pagona a mbumba ya eni mudzi. Kenako panali mzere wa nkhadze, mtengo wopanda masamba uja wa utomoni woyera wootcha m'maso. Kuseri kwa mzerewo, pa dothi la miyala, pagona ife ena. Chifukwa chake sichinkatchulidwa. Mlendo akafunsa ankauzidwa kuti nkhadzezo n'zotchinga mbuzi. Koma mwana aliyense ankakula akudziwa kuti akuseri ndi zidzukulu za akapolo, anthu amene makolo a eni mudzi anawagwira pankhondo, kapena kuwagula ndi chimanga nthawi ya njala, kapena kuwalandira ngati chikole pa mlandu. Ukapolo unatha agogo athu asanabadwe. Timapemphera tchalitchi chimodzi, timakwatirana, timabwerekana makasu. Koma munthu akafa, bango loyezera manda linkadziwa lokha kolowera. Amayi anga agona kuseriko.

AYotamu anali a kumtunda, mwana weniweni wa mbumba. Akazi awo, aEsinati, anali akuseri, ndipo anatsogola kalekale. Chinthu chimodzi chimene aYotamu ankafuna pa ukalamba wawo wonse n'chakuti akadzafa adzagone pambali pa akazi awo, popanda mpanda pakati. Mlongo wawo wamkulu, aNambewe, amene ndi mayi wa mbumba ndipo ndi amene amaloza pokumba manda, analumbira kuti zimenezo sizidzachitika iwo ali moyo. Mkangano umenewu ndi umene unabala chikondwerero chimene anthu a midzi ina amabwera kudzaonera, akumayesa kuti chinayamba chifukwa cha chimwemwe.

Timachitcha Tsiku la Goli, ndipo limagwa Loweruka loyamba la Ogasiti. AYotamu anasankha nthawi imeneyi atamva pa wailesi kuti anthu akuda a kuzilumba za kutsidya kwa nyanja amakondwerera kutha kwa ukapolo kumayambiriro kwa mwezi womwewo, ndi ng'oma ndi magule. Anati si bwino abale kuvina okha ngati amasiye, nafenso tiziimba ng'oma tsiku loyandikana nalo kuti mwina mphepo izikawauza.

Tsikulo likamayandikira ankalowa m'phiri kukadula mtengo wa mphanda, wolemera, wofanana ndi umene ogula anthu ankamangira akapolo m'khosi. Ankautsamiritsa pakhoma la chisakasa kuti uume. Loweruka m'mawa tinkasonkhana pa njira yakale yotsetsereka yolowera kuchigwa cha Lisungwi, imene akuluakulu amati ndi imene ankadzera apaulendo ogula anthu. Kuchokera pamenepo tinkasenza mtengowo molandizana kubwera nawo kumudzi. Kuuvala m'khosi ankakana, ngakhale mongoyerekeza. Mnyamata wina anayesa chaka china kuti aseketse atsikana, ndipo anamva mawu amene sanayembekezere kwa munthu wopemphera. Ankatinso ulendowu uzikhala wokwera nthawi zonse, chifukwa anthu athu anapita chotsika, ndiye ife tiziwabweza.

Pabwalo ankayala mphasa yatsopano, naikapo chikho cha thobwa ndi dengu la manachesi otsiriza. Pamphasapo sipankakhala munthu. Inali ya otengedwa ndi zidzukulu zawo, kulikonse kumene zili. Akulu ampingo poyamba anaikayikira, poganiza kuti ndi nsembe ya mizimu yobwerera kukhomo la kuseri. AYotamu anawafunsa ngati kuyalira mlendo mphasa kwasanduka tchimo, nati mlendo akachedwa si chifukwa choti upinde mphasa. Mapeto ake abusa ndi amene ankatsegula mwambo ndi pemphero. Kenako nkhwangwa inkayenda m'manja, aliyense wofuna kutemako kamodzi, mpaka golilo litagawanika. Likangoti phwa, amayi ankaimba nthungululu, amuna ankalowa m'bwalo ndi zishango zawo kuvina ngoma, amayi n'kutsatira ndi chimtali mpaka fumbi kuphimba dzuwa. Thobwa la alendo osabwerawo ankamwa ndi aYotamu madzulo, ati kuti lisaonongeke.

Mbali yomaliza ya tsikulo ndi imene alendo sankaimvetsa. Magule asanathe, aYotamu ankanyamula khasu n'kupita kumanda, ife adzukulu tikutsatira, n'kukazula nkhadze imodzi ya mumzere uja. Imodzi yokha.

Nkhani yake inayambira pa maliro a aEsinati. Amene analipo amati aYotamu anatenga okha bango loyezera n'kulunjika kumtunda, kumene kwagona amayi awo, ndipo aNambewe anaima panjira kuwatsekereza, mpaka adzukulu a nthawi imeneyo analanda bangolo n'kuzungulira nalo kuseri. Bokosi aYotamu analipala okha, la mbawa, losalala ngati la mfumu, ndipo linakalowa m'dothi la miyala. Patangotha masiku ochepa anatenga chikwanje, napita kumanda okha kukalimbana ndi mpanda wonse. Nkhadze siichedwa kubwezera. Utomoni unawathovukira m'diso, ndipo amene anawapeza akugubuduka pansi ndi aNambewe omwewo, akuchokera ku nkhuni. Anawakoka mpaka kumudzi, anawatsuka m'diso ndi mkaka wa mbuzi uku akuwatukwana, nakhala nawo mpaka ululu utachepa. Diso silinapenyenso.

Akuluakulu atakhala pansi kuti aweruze za munthu wotema mitengo ya kumanda, aNambewe ndi amene anatulutsa nzeru. Anati popeza mlongo wawo wapereka kale diso, amulole azizula nkhadze, koma imodzi pachaka, ndipo ayambire kumapeto akutali, osati pafupi ndi manda a mkazi wake. Mzerewo unali wautali. Iwo anawerengera kuti Yotamu adzafa usanathe. AYotamu anavomera mosavuta, chifukwa nawonso anawerengera kuti mlongo wawo, pokhala wamkulu, adzatsogola, ndipo zotsalazo adzazizula tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo aliyense ankadzisamalira kuti aike mnzake. Sindinaonepo nkhalamba ziwiri zomwa mankhwala mokhulupirika ngati zimenezi.

Ankakangana pa chilichonse. AYotamu ankati mlongo wawo amabzala timitengo ta nkhadze mobisa m'malo mozulidwa, ndipo zinali zoona, ine ndinkatipeza titazikidwa bwinobwino ndi chidendene. ANambewe ankati nkhadze imamera yokha, ndipo munthu wa diso limodzi asamachitire umboni zinthu. Komabe chimwalirire aEsinati, mbale ya ndiwo inkachoka kwa aNambewe tsiku lililonse kupita kuchisakasa. Inkapita ndi chipongwe n'kubwerera ndi chipongwe, koma inkabwerera yopanda kanthu. Chitseko cha aNambewe chikayamba kukhula pansi, m'mawa mwake ankachipeza chitapalidwa, ndipo sankathokoza.

ANambewe sanali munthu woipa, ndipo ndikunena zimenezi ine wakuseri. Mantha awo anali akuti mpanda ukachoka, nkhani imene makolo anaikwirira ifukuka, anthu ayamba kulozana zala kuti agogo ako anagula agogo anga, ndipo mudzi umene wakhala mwamtendere ugawanika. Ankati chilonda chimene chauma usamachikande. Mlongo wawo ankayankha kuti chimenechi sichinaume, changomangidwa nsanza.

Za kumene maganizo a mphasa anachokera aYotamu anandiuza kamodzi kokha, tikudikira bokosi kuti liume vanishi. Ali mnyamata anapita kukagwira ntchito ya matabwa kudoko la Dar es Salaam. Kumeneko kunali nkhalamba ina yolondera pamalo pawo, imene itamva kuti mnyamatayu ndi wa ku Nyasa inayamba kumutsatira ndi maso. Tsiku lina inamuuza kuti agogo ake aakazi anabwera kunyanjako ali mtsikana, ali m'goli, kuchokera kumapiri ozizira kumene kuli mtsinje wotchedwa Lisungwi. Chinyanja sinkachidziwa. Chimene inasunga ndi dzina la mtsinjewo basi. Ndiye inafunsa kuti, kodi kwanuko amatikumbukira? AYotamu, pochita manyazi, anayankha kuti eya, timakukumbukirani chaka chilichonse. Nkhalambayo inagwira dzanja lawo nthawi yaitali. Iwo anabwerera kumudzi, anakwatira, anaiwala, mpaka tsiku limene anaona bokosi la akazi awo likuzungulira mpanda. Anandiuza kuti ukanamiza nkhalamba, njira yotsala ndi imodzi, kulisandutsa bodzalo kukhala choona.

Chaka chimene sitidzaiwala ndi chimene mphasa inapeza mwini wake. Kuchipatala cha kuboma kunabwera namwino wochokera ku Jamaika, mayi wakuda ngati ife, wa magalasi, amene anadzagwira ntchito kwa kanthawi. Atamva za Tsiku la Goli anatumiza mawu kuti abwera ndi mnzake womumasulira. Mudzi unatekeseka. Misewu inaseseredwa, amayi anagula zitenje zofanana, achinyamata anakonza sewero la Aluya, ogula anthu aja, ovala nsalu zoyera akuthamangitsa anthu. Akuluakulu anagwirizananso mwakachetechete kuti chaka chimenecho za kumanda zilekeke, chifukwa za pamudzi sizionetsedwa kwa mlendo. AYotamu atauzidwa anangopendeka mutu, ndipo aliyense anayesa kuti avomera.

Zonse zinayenda bwino. Mayiyo anasenza nawo goli pokwera chitunda, thukuta lili kamukamu. Mkulu wina anayankhula mogwira mtima za alendo oipa amene anabwera kudzatilanda abale athu ife tikulira. Kenako aYotamu anamugwira dzanja mayiyo n'kumukhazika pamphasa ija, pamene sipanakhalepo munthu chiyambire. Womasulira atamuuza tanthauzo lake, anavula magalasi n'kulira, ndipo amayi onse analira naye. Ine ndinkayang'ana aYotamu. Anamupatsa chikho cha thobwa chimene zaka zonsezi ankamwa okha madzulo.

Goli litathyoka, magule ali mkati, ndinaona aYotamu akutola khasu lawo. Sanaitane munthu. Anangoyamba kutsetsereka kulowera kumsitu. Mlendoyo anafunsa kuti agogowo akupita kuti, nadzuka kuwatsatira, ndipo mlendo akadzuka simungamusiye yekha. Ng'oma zinazima imodziimodzi. Mudzi wonse unapezeka uli kumanda, zitenje zofanana zija zili mbuu pakati pa mitumbira.

Mayiyo anayang'ana mitengo ikuluikulu kumtunda, anayang'ana miyala kuseri, nafunsa kuti mpandawu ndi wa chiyani. Mkulu woyankhula bwino uja anafulumira kunena za mbuzi. Womasulira asanatsegule pakamwa, aYotamu anakweza dzanja.

"Mwana wanga, usamve za mbuzi. Mbuzi zimadutsa pano tsiku lililonse. Kuno kwagona amene ankagula anthu, uko kwagona amene anagulidwa. Ine ndine wa kuno. Amalume awo a agogo anga anagulitsa anthu kwa apaulendo, nalandira nsalu ndi mfuti. Mwina mwa anthuwo munali agogo ako, sindikudziwa. Takuyalira mphasa, koma si bwino ukhalepo usakudziwa amene wakuyalira."

Womasulirayo anali mtsikana waulemu wake, ndipo anayang'ana pansi. AYotamu anamuuza kuti amasulire zonse, asasiye ndi nkhoko zomwe. Anamasulira.

Mayiyo sanalirenso, ndipo sanawakumbatire aYotamu monga ena amaikambira nkhaniyi masiku ano. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mitumbira ya kuseri. Kenako anafunsa funso limodzi, kuti iyeyo akanafera m'mudzi muno, akanamuika mbali iti. Amuna onse anayang'ana zala za kumapazi. Amene anayankha ndi aNambewe, chifukwa mayi ameneyu ngakhale anali wouma mutu, bodza sankalidziwa.

"Mukanagona kuseri, mayi."

Atangotero ndinaona nkhope yawo ikusintha, ngati munthu amene walawa ndiwo zake zomwe n'kupeza kuti zasasa. Mawuwo anali atakhala m'mudzi zaka zonsezi, koma anali asanawamvepo akutuluka pakamwa pawo, kunena kwa munthu amene angomuyalira mphasa. Mlendoyo anapempha khasu. AYotamu anamuuza kuti avale magalasi ake ndipo atembenuze nkhope potema, namulozera diso lawo loyera. Anakumba yekha mpaka nkhadze inagwa. ANambewe anangoti imeneyo ndi ya chaka chino, wina asaonjezere, natembenuka kupita kwawo.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma amene anametedwa tsiku limenelo sanakondwe. Amuna ena a kumtunda anakhala miyezi osapita kuchisakasa, akuti aYotamu atichotsa ulemu pamaso pa dziko. Iwo ankangopala matabwa awo n'kumati ukabisa matenda, maliro adzaulula, ndipo onse okwiyawo adzabwera ndithu, ngati si ndi miyendo yawo ndiye ndi muyeso wawo. Za ife akuseri ndinene za ine ndekha. Ndinkayesa kuti tsiku limene mawu akuti kapolo adzatchulidwe pagulu ndidzafuna kulowa pansi. Sizinatero. Ndinamva kupepuka. Manyazi amene ndinkasenza chibadwire ndinaona kuti sanali anga ndekha, ndipo mwini wake wina wavomera kugwirako. Madzulo amenewo ndinapita pamanda a amayi anga kudzera pampata wozulidwa, osazungulira monga ndinkachitira.

Mudzi sunagawanike. Chaka chotsatira anthu anabwera ambiri kuposa kale, ndipo sewero la Aluya linasintha lokha: munalowa munthu wa m'mudzi wolandira nsalu. Timitengo tozikidwa ndi chidendene tija sindinatipezenso. AYotamu anaona zimenezi, chifukwa diso lawo limodzilo silinkaphonya kanthu, koma sanatchule. Ndi nthawi yokhayo imene ndikudziwa kuti anapambana mkangano osadzitama.

Komabe mzere unali usanathe. Chaka ndi chaka mpata unkakula, koma chigawo chotsala chinali chomwe chija aNambewe anachisungira kumapeto, pakati pa manda a amayi awo ndi manda a aEsinati. M'dzinja lapitali chibayo chinawagwira aYotamu. Nditapita kukawaona anandiyeza ndi diso monga mwa masiku onse, nandiuza kuti ndaonda, zimene zinali zabwino kwa matabwa. Kenako anati, "Fanuwelo, nkhadze zatsala. Mlongo wanga ndi wolimba kuposa ine." Ananena moseka, koma ine ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa ndinadziwa kuti munthuyu wagwira ntchito zaka zonsezi ndipo akupita asanafike. Sanandipemphe kuti ndiphwanye mwambo. Ankadziwa kuti khasu la mdzukulu limatema pamene mayi wa mbumba waloza.

M'mawa wa tsiku loika maliro tinaima pakhomo la manda ndi makasu ndi bango, mvula ikuwaza. Tinadikira. Anzanga ankanong'onezana kuti tikumba kumtunda basi, nkhani yatha. ANambewe anafika ndi ndodo yawo, atafunda chitenje kumutu, akukana kugwiridwa dzanja. Analunjika kumtunda, naima pa manda a amayi awo. Anaima pamenepo kanthawi, milomo ikuyenda, kenako anapitirira pang'onopang'ono mpaka anafika pa nkhadze zotsala zija. Anagogoda ndi ndodo pa tsinde.

"Kumbani apa."

Ndinawauza mwaulemu kuti agogo, pamenepo pali nkhadze. Anandifunsa kuti nanga makasuwo tabwera nawo kuti tidzapalire chimanga.

"Akagona kwa amayi, atisowetsa mtendere tonse ndi kudandaula. Akagona kwa mkazi wake, ine ndikadzabwera ndizidzakangana ndi ndani? Muikeni pakati. Mkazi wake akhale uku, ife uku."

Manda a munthu wamtali chonchija safuna malo ochepa, ndipo kuti bango ligone bwino, nkhadze zonse zotsala zinayenera kuchoka. Tinamanga nsalu kumaso n'kuyamba kuzula. Anthu amene anali pasiwa atamva anatsika, a kumtunda ndi akuseri omwe, kudzakoka nthambi kukataya kukhwawa. Mkulu wa mbuzi uja ndinamuona akukoka tsinde lalikulu, malaya ake a maliro ali utomoni okhaokha. ANambewe anakhala pamwala mpaka titamaliza, akutilangiza kuti tikukumba mokhota. Dothi la pamenepo linali la pakati ndithu, mbali ina lofewa, mbali ina miyala. Bokosi linalowa bwino, dzanja lamanja kwa aEsinati.

Chiyambire taikako anthu ena, ndipo aNambewe amangoloza pamene pali malo. Mzere umene panali mpanda ukuonekabe ngati chipsera, koma udzu wayamba kulumikizana, ndipo dzinja likubwerali mlendo sadzakhalanso ndi chofunsa.

Dzulo ndinadutsa kuchisakasa. Udzu wa padenga wayamba kutsika mbali imodzi. Benchi yopalira matabwa ilipo, ndi malo osalala pamene ankatsamira ndi chiuno. Zipangizo zinatengedwa ndi zidzukulu zawo za ku Zalewa, pakhoma pangotsala misomali imene ankakolekapo sowo ndi nyundo. Mphasa ya alendo ili kudenga, yopindidwa, yomangidwa ndi luzi. Fungo la mbawa latha, nkhuku zafukula utuchi wonse. Ndinakhala pa chitsa chimene tinkakhalira podikira mabokosi, ndipo panalibe wondiuza kuti ndanenepa kapena ndaonda.

Pakhoma la kum'mawa pali mkwasa umene magoli a zaka zonsezi anasiya potsamira. Ndinkayembekeza kuupeza wopanda kanthu. Ndinapezapo kamtengo ka mphanda kakang'ono, kokhota, kakuwisi, kodulidwa mobwerezabwereza ndi dzanja lopanda mphamvu. AYotamu akanakakana, n'kunena kuti kameneka sikangamange ndi mwana wa mbuzi yemwe. Pobwerera ndinadzera kwa aNambewe. Anali pakhonde, dzanja lamanja atalikulunga kansalu, ndipo anati sakudziwa kanthu za mitengo ya anthu akufa. Mpichesi wa pabwalo pawo unali ndi bala loyera pamene panali nthambi.

Kamtengoko ndakasiya pomwepo kuti kaume. Kakutsamira pamalo pa magoli akuluakulu aja, m'chisakasa mopanda munthu, ndipo sikakufika ndi theka la mkwasawo.